Maso a okalamba nawonso akufunika khadi la kusikelo

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndinenepo maganizo anga pa nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere. Ndikudziwa kuti kalatayi yatalika kupyola muyeso wanu, koma chonde musaidule kwambiri, pakuti ambiri mwa anthu amene ikuwakhudza sangathenso kuiwerenga okha. Adzachita kuwerengeredwa ndi adzukulu kapena abusa awo.

Kumpingo kwathu kuli mkulu wina wa zaka zoposa 75 amene kwa nthawi yaitali ndiwo ankatiwerengera Mau pamaliro ndi pamapemphero a m'mudzi. Dzina lawo sinditchula. Zaka zitatu zapitazo anayamba kudumpha mau powerenga, mwinanso kubwereza mzere womwewo kawiri. Tinati magalasi atha mphamvu, ndipo amayi a mpingo anasonkha ndalama n'kuwagulira ena, koma sizinasinthe. Posakhalitsa anayamba kudutsa anthu panjira osawapatsa moni, ngakhale akamwini awo enieni. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo ankapita kudimba wopanda ndodo, osapunthwa, ndipo nkhuku ikamatola chimanga pamphasa chakumbali kwawo ankaiona n'kuipirikitsa. Mudzi sunachedwe kugamula mlandu. Ena anati mkuluyu wayamba kunyada, ena anati akunamizira khungu kuti alembedwe pa Mtukula Pakhomo. Ndivomere poyera kuti inenso ndinali m'gulu la okayika.

Kutabwera madokotala ochotsa ng'ala m'dera lathu, mkuluyu anapita ndi chiyembekezo chachikulu. Anzawo anabwerako akuimba, akuona. Iwo anauzidwa kuti ng'ala yawo ndi yochepa, vuto lenileni lili kumbuyo kwa diso, ndipo anawalembera kalata yopita kuchipatala china chachikulu m'tauni. Ine ndinawaperekeza. Kumeneko anawadonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso, n'kuwakhazika pamakina ooneka ngati kamera yaikulu. Kuwala kunang'anima, ndipo pa kompyuta panatuluka chinthu chozungulira, chofiirira ngati mwezi ukamatuluka, chokhala ndi timitsempha ngati mizu ya mtengo. Mnyamata wa zachipatala amene ankatithandiza analoza pakati pake, pamene panali timadontho tachikasu tambirimbiri ngati gaga wowazika, n'kunena kuti matenda ali pamenepo. Anatiuza kuti tibwerenso pakatha miyezi 6.

Tinabwererako patatha chaka ndi miyezi iwiri. Zifukwa zake a kumudzi nonse mukuzidziwa: mvula inadula msewu, ndalama ya minibasi inapita kufeteleza, kenaka kunagwa maliro. Anajambulanso chithunzi china. Koma atafuna choyamba chija kuti ayerekeze, sichinapezeke. Kompyuta yakale inali itawonongeka, ndipo m'kabuku ka kuchipatala munali mizere iwiri yokha yolembedwa mothamanga. Amene tinawapeza tsiku limenelo anali munthu woona mtima. Anati, "Agogo, ndikuona kuti diso lawonongeka, koma sindinganene ngati lafika apa m'miyezi iwiri kapena m'zaka zisanu, ndiye n'kovuta kuti ndikuuzeni kumene tikulowera." Mau amenewa ndiwo andilembetsa kalatayi.

Matendawa pa Chingerezi amawatchula kuti age-related macular degeneration. Zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa sayansi kupulaimale ndinkajambula diso pabolodi n'kuuza ana kuti kumbuyo kwake kuli kansalu kopyapyala, kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga kuubongo. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakati pa kansaluko pali kamalo kotchedwa macula, kotambalala mamilimita 5 kapena kuposerapo pang'ono, ngati njere ya nandolo, ndipo kamalo kameneka ndiko kamatithandiza kuwerenga, kulowetsa ulusi pasingano, kusankha mpunga ndi kuzindikira nkhope ya munthu. Kwina konse kwa kansaluko n'koonera za m'mbali. Macula ikafooka ndi ukalamba, chimene munthu akuchiyang'anitsitsa ndicho chimasowa, pamene za m'mbali zimaonekabe. N'chifukwa chake mkulu wathu uja ankaona nkhuku koma osaona nkhope ya mkamwini. Kunja diso limaoneka labwinobwino, lopanda choyera chija cha ng'ala. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Matendawa ali mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani ya zithunzi. Mtundu woyamba, umene uli ndi anthu ambiri, madokotala amati ndi wouma. Umayamba ndi timadontho tachikasu tija, totchedwa drusen, timene ndi zinyalala zounjikana pansi pa kansalu ka diso. Umayenda pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, ndipo ambiri amafika kumapeto a moyo wawo akuwerengabe. Mwa ena, tizigawo ta kansaluko timafa n'kusiya dazi limene limanka likula. Mtundu wachiwiri amati ndi wonyowa. Umagwira anthu ochepa, mmodzi kapena awiri mwa odwala khumi alionse, koma ndiwo woopsa. Pansi pa macula pamamera timitsempha tachilendo tosalimba timene timachucha madzi ndi magazi, kotero kuti munthu amene ankawerenga pa Khirisimasi angathe kulephera kuwerenga pofika Pasaka. Wouma uja ungasanduke wonyowa nthawi ina iliyonse, popanda kupweteka kapena chizindikiro chooneka kunja. Wonyowawu uli ndi mankhwala, koma amagwira bwino ntchito akayambidwa msanga, chipsera chisanapangike. Tsono dokotala safunsa kokha kuti, "Kodi munthuyu ali ndi matendawa?" Funso lalikulu n'lakuti, "Kodi chasintha n'chiyani chichokereni pano ulendo watha?"

Mayi aliyense wa kumudzi amalidziwa funso limeneli. Mwana akapita kusikelo n'kupezeka kuti akulemera makilogalamu 8, nambala imeneyo payokha siinena zambiri. Alangizi a zaumoyo amaika kadontho pakhadi, mwezi wotsatira kena, ndipo mzere wolumikiza timadonthoto ndiwo umaulula ngati mwana akukwera kapena akutsika. Khadi likatayika, sikelo ingakhale yatsopano chotani, mbiri ya mwana yatayika. N'chimodzimodzi ndi diso la nkhalamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuunika m'kati mwa diso la munthu wamoyo si kwa lero. Hermann von Helmholtz wa ku Germany anapanga kagalasi kounikira m'diso mu 1851, ndipo timatochi timene madokotala athu amagwiritsa ntchito ndi zidzukulu za kagalasi kameneko. Vuto lake n'lakuti zimene dokotala waona zimatsala m'mutu mwake. Akasamutsidwa, wapita nazo. Kamera inathetsa vutoli chifukwa chithunzi chimatsala. Komabe kamera imaona pamwamba pokha, ngati munthu woima pachulu kuyang'ana munda. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1991, pamene David Huang, James Fujimoto, Eric Swanson ndi anzawo ku Massachusetts Institute of Technology, ku America, analengeza njira yotchedwa optical coherence tomography, mwachidule OCT. Atatuwa analandira mphoto ya Lasker mu 2023 kaamba ka ntchitoyi. Makina a OCT amaponya kuwala kofooka m'diso n'kuyeza mmene kukubwererera, mofanana ndi sikani ya amayi oyembekezera, kungoti iyo imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso m'malo mwa kuwala. Sakhudza diso, sapweteka, ndipo amatha m'kamphindi. Chithunzi chake chili ngati khoma la chitsime chokumbidwa kumene, pamene umaona dothi lakuda pamwamba, katondo pansi pake, kenaka mchenga ndi miyala. Kansalu kamene kuchindikala kwake sikufika ngakhale theka la milimita kamaoneka gawo ndi gawo, ndipo madzi akalowa pakati pa magawowo amaoneka ngati timaenje takuda, nthawi zina mwini diso asanazindikire n'komwe kuti china chalakwika.

Mankhwala a mtundu wonyowa ndi jakisoni wobaya m'diso momwemo. Owerenga ena achita nthumanzi, inenso ndinatero, koma diso amayamba alichititsa dzanzi. Jakisoniyu amaletsa timitsempha tachilendo tija kumera ndi kuchucha. Wotchedwa Lucentis anavomerezedwa ku America mu 2006, Eylea mu 2011, ndipo Vabysmo mu 2022. Sabaya kamodzi munthu n'kuchira ayi. Amabwereza, poyamba mwezi ndi mwezi. M'maiko amene mankhwalawa ali ponseponse, chimene chimalamula tsiku la jakisoni wotsatira ndi chithunzi cha OCT. Pakaoneka pouma, dokotala amatalikitsa nthawi ndi masabata awiri kapena kuposerapo. Madzi akabwerera, amaifupikitsa. Makinawo ndi jakisoniyo zili ngati mtondo ndi munsi.

Pa nthawi imene Lucentis ankagulitsidwa pafupifupi madola 2,000 jakisoni mmodzi, madokotala anali atazindikira kale kuti mankhwala a khansa otchedwa Avastin, akagawidwa m'timiyeso ting'onoting'ono, amagwira ntchito yomweyo pa madola pafupifupi 50. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CATT anaonetsa mu 2011 kuti odwala amaona mofanana pa mankhwala awiriwa, ndipo mu 2013 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika otchipawa pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Ndanena izi kuti wina asatiuze kuti chithandizo cha matendawa n'cha anthu olemera okha.

Tsopano ndifike pa zimene zachitika zaka zaposachedwapa. Kwa nthawi yaitali mtundu wouma unalibe mankhwala. Mu 2023 dziko la America linavomereza majakisoni awiri, Syfovre mu February ndi Izervay mu August, a anthu amene dazi lija layamba kale. Umboni umene unaperekedwa unali wa zithunzi. Pali kamera ina imene imaunika diso ndi kuwala kwa buluu: malo amoyo amanyezimira, malo akufa amaoneka akuda, kotero kuti dazi lingathe kuyezedwa monga alangizi amayezera munda. Zithunzi zinaonetsa kuti mwa obayidwa Syfovre dazi linkakula mochedwerapo, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Koma mu 2024 bungwe loona za mankhwala m'maiko a ku Ulaya, la European Medicines Agency, linawakana mankhwala a Syfovre. Linati ngakhale chithunzi chinkaoneka bwinoko, odwalawo sanaonetse kuti akuona bwino kuposa anzawo amene sanalandire, chikhalirecho kubaya diso mobwerezabwereza kuli ndi zoopsa zake, kuphatikizapo kuwonjezera chiopsezo chakuti matenda asanduke onyowa. Onsewo ndi anthu ophunzira, zithunzi anaona zomwezo, koma zigamulo zinasiyana.

Ine pamenepa ndili kumbali ya a ku Ulaya, ngakhale ndikuwamvetsa amene akuti kuchedwetsa dazi ndi miyezi ingapo si kanthu kakang'ono kwa munthu amene watsala ndi diso limodzi. Pa zaka zanga monga mphunzitsi wamkulu ndinaonapo masukulu a marejisitala okongola, olembedwa ndi inki yofiira ndi yabuluu, oyendera masukulu akuyamikira, koma ana osatha kuwerenga. Chithunzi chili ngati rejisitala. Chimanena zoona ndipo popanda icho sukulu siyenda, koma funso lotsiriza liyenera kupita kwa agogo eni ake: kodi mukutha kuwerenga? Kodi adzukulu mukuwazindikira?

Nkhani ina ndi ya makompyuta owerenga zithunzi. Mu 2018 chipatala cha maso cha Moorfields ku London pamodzi ndi kampani ya DeepMind anaonetsa kuti kompyuta yophunzitsidwa ndi zithunzi zikwizikwi za OCT imatha kusankha odwala ofunika kuonedwa mwamsanga mosasiyana ndi akatswiri. Mu 2020 gulu lomwelo linayesa kulosera ngati diso lachiwiri la wodwala lidzasanduka lonyowa m'miyezi 6 yotsatira, ndipo kompyuta inapambana ambiri mwa akatswiri amene anapikisana nayo, ngakhale inkaphonyabe kawirikawiri. Kwa dziko ngati lathu, kumene madokotala akuluakulu a maso ndi owerengeka ndipo ambiri ali m'mizinda, izi zingadzathandize: chithunzi chijambulidwe kuchipatala cha paboma, chikawerengedwe kwina. Koma kompyuta imene inaphunzira pa maso a odwala a ku London iyambe yayesedwa pa maso athu, pakuti pali mtundu wina wa matenda onyowawa umene umapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndi a ku Asia kusiyana ndi azungu. Ndiponso kompyuta, ingachenjere maka, singayerekeze ndi chithunzi chimene chinatayika.

Ndikumva kale ena akuti, "Aphunzitsi, amenewa ndi matenda a azungu, ife tili ndi ng'ala." Pali choonadi pamenepa. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu Lancet Global Health mu 2014 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 45 mpaka 85, azungu pafupifupi 12 ali ndi matendawa, pamene anthu akuda ndi 7 kapena 8. Koma 7 si ziro. Kafukufuku yemweyo anawerengera kuti odwala padziko lonse adzachoka pa 196 miliyoni mu 2020 kufika pa 288 miliyoni mu 2040, chifukwa anthu akukhalitsa. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1990 Edzi itavuta, mwana wobadwa ankayembekezeka kukhala zaka zosafika 50. Lero zapitirira 60. Tikukalamba, ndipo matenda a ukalamba akutipeza. Onjezanipo fodya, amene ndiye mdani wamkulu wa macula mwa adani amene munthu angathe kuwapewa: wosuta ali pachiopsezo kawiri kapena kuposa. Ndi madala angati m'midzi yathu amene akhala akusuta chingambwe kuyambira unyamata wawo?

Ndikuvomereza kuti ng'ala ndiyo ikutsogola pochititsa khungu m'dziko muno, ndipo kwacha yoyamba iyenera kupita kumeneko, chifukwa opaleshoni ya mphindi zochepa imabweza maso a munthu. Ntchito imene chipatala ngati cha Nkhoma chagwira pa ng'ala ndi yotamandika. Sindikupempha kuti OCT ifike pachipatala chaching'ono chilichonse. Koma kamera yojambula kumbuyo kwa diso siigwira ntchito imodzi. Chithunzi chomwecho chimaonetsa mmene matenda a shuga akuwonongera timitsempha, chimaonetsa mtsempha waukulu wa diso ukamadyeka ndi glaucoma, chimaonetsanso zotsatira za kuthamanga kwa magazi, ndipo odwala shuga ndi BP adzaza m'zipatala zathu. Komanso tisadziderere. Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, ndi kumene Susan Lewallen ndi anzake, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, anafotokoza zizindikiro za malungo a muubongo zimene zimaoneka pakansalu ka diso la mwana, ndipo maiko ena anaphunzira kuchokera kuno. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa matenda a maso a trachoma ngati vuto lalikulu la zaumoyo. Ntchito ya maso si yachilendo kwa ife.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi lotsika mtengo kuposa makina. Chithunzi chilichonse chojambulidwa chisungidwe malo awiri, chikhale ndi dzina, tsiku, ndi diso lake, lamanja kapena lamanzere, kuti ngakhale wodwala apite kuchipatala china chikapezeke. Taonani mmene mabuku a olandira ma ARV amasungidwira mwadongosolo, ndipo wina akajomba amalondoledwa mpaka kumudzi. Nanga maso alakwanji? Ndipo abwenzi akufuna kwabwino akamabweretsa kamera, afunsidwe kuti idzakonzedwa ndi yani ikafa, ndiponso kuti wodwala amene yamupeza ndi madzi m'diso adzakabayidwa kuti. Kuuza munthu kuti diso lake likuchucha n'kumubweza kumudzi chimanjamanja n'kumuwonjezera mtolo.

Kwa anzanga a kumudzi, musadikire boma. Mukajambulidwa diso, pemphani mwaulemu kuti mwana wanu ajambule chithunzicho pa foni kuchokera pa kompyuta, monga tinachitira ife ulendo wachiwiri uja, ndipo tsiku lake lilembedwe m'kabuku. Funsani kuti ndi mtundu uti, wouma kapena wonyowa, ndiponso kuti mubwerenso liti. Safunsa anadya phula. Tsiku limenelo musapalase njinga nokha, chifukwa mankhwala okulitsa kamwana ka diso amasiya chimbuuzi kwa maola angapo.

Palinso kuyeza kwa kunyumba kumene Marc Amsler, dokotala wa ku Switzerland, anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1940, ndipo sikulira ndalama. Tengani tsamba la kope la masamu, lija la timabokosi, muike kadontho kakuda pakati. Valani magalasi anu owerengera ngati muli nawo, khalani powala, gwirani pepalalo monga mugwirira buku la nyimbo, tsekani diso limodzi ndi dzanja, n'kuyang'anitsitsa kadonthoko. Kenaka teroninso ndi diso linalo. Mizere ikaoneka yokhotakhota, kapena timabokosi tina tikasowa, pamene sabata yatha zinali bwino, musadikire kuti muyambe mwagulitsa mbatata kapena soya. Pitani sabata yomweyo. Kutseka diso limodzi n'kofunika chifukwa diso labwino limabisa vuto la linzake, monga mwana wanzeru amayankhira kalasi yonse, mphunzitsi n'kumayesa kuti onse amva. Wopanda kope ayang'ane felemu ya chitseko kapena mizere ya malata. Kuyeza kumeneku kumaphonya zambiri ndipo sikulowa m'malo mwa chithunzi, koma ndi belu lochenjeza pakati pa maulendo awiri a kuchipatala.

Chenjeraninso ndi ogulitsa mabotolo a mavitamini a maso m'mabasi ndi m'misika. N'zoona kuti kafukufuku wa ku America wotchedwa AREDS anapeza mu 2001 kuti mavitamini ena pamodzi ndi zinc amachepetsa, ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, chiopsezo chakuti matenda afike poipa. Koma anathandiza okhawo amene matenda awo anali atafika pakatikati, kapena amene diso limodzi linali litawonongeka kale, ndipo zimenezi sizidziwika popanda kuunika m'diso. Wogulitsa wa m'basi sanaone m'diso mwanu. Bola ndalamayo muisungire ulendo wa kuchipatala, n'kumadya bonongwe, chisoso, nkhwani ndi usipa zimene tili nazo kale. Madzi a zitsamba odonthezera m'maso safika kumbuyo kumene kuli vuto. Amangowononga kutsogolo kumene kunali kwabwino.

Abusa, ansembe, mashehe, akatekisiti ndi akulu a mipingo, inu ndinu amene mumayamba kuona munthu akudumpha mizere paguwa kapena akusiya buku la nyimbo kunyumba. Magalasi atsopano akapanda kuthandiza, mulimbikitseni apite akaunikidwe. Muuzeninso kuti matendawa kawirikawiri safika pa mdima wathunthu, za m'mbali zimatsala, pakuti mantha a khungu amadwalitsa ena kuposa matenda enieniwo. Phunzitsani akhristu kuti popereka moni kwa munthu wotere azitchula dzina lawo. Koma pali china chachikulu kuposa izi.

Pobwerera ulendo wachiwiri uja, m'minibasi, mkulu wathu anandinong'oneza chinthu chimene anali asanauze ngakhale akazi awo. Anati madzulo ena amaona tianthu tating'ono tovala zokongola tikuyenda pakhoma, nthawi zina maluwa pamalo pamene palibe maluwa. Amadziwa kuti si zenizeni, koma ankaopa kuti akanena adzatchedwa mfiti kapena wamisala. Nditafunsa kwa odziwa, ndinauzidwa kuti zimenezi zimachitika mwa ena amene maso awo afooka kwambiri: ubongo ukasowa zithunzi zochokera kudiso umadzipangira zake. Charles Bonnet wa ku Geneva analemba kale mu 1760 za agogo ake amene ankaona zoterezi, ndipo vutoli limadziwika ndi dzina lake. M'dziko limene nkhalamba zikumenyedwa ndi kuphedwa poganiziridwa ufiti, taganizani chimene chingachitike gogo wina atanena pabwalo kuti amaona tianthu usiku. Apa chithunzi cha diso chimagwira ntchito ina imene opanga makinawo mwina sanaiganizire: chimakhala mboni. Tsiku limene ndinaonetsa akulu a mpingo chithunzi chija pa foni ya mwana wanga, n'kuwalozera dazi lili pakati penipeni, nkhani ya kunyada inathera pomwepo, ndipo akamwini aja anapita kukapepesa.

Mkulu wathu anauzidwa kuti mtundu wawo ndi wouma, ndipo diso lamanzere likadali ndi mphamvu. Pamaliro sawerenganso; mdzukulu ndiye amawerenga, iwo n'kumasulira. Tsamba la timabokosi tinalimata pakhoma pafupi ndi zenera, ndipo amaliyang'ana Lolemba lililonse. Tsiku lobwerera kuchipatala talilemba m'kabuku kawo, m'buku la mlembi wa mpingo ndi pakalendala ya m'nyumba mwanga, ndipo ndalama ya minibasi ili kale kwa msungichuma.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.